Mafunso ndi mayankho: kukonza ndi kusamalira mfuti zakale za asilikali

Tsamba lino ndi la munthu amene ali ndi mfuti yakale ya asilikali mwachilolezo cha boma, mfuti zija zofuna kukoka ndi dzanja bolt (chitsulo cholowetsa ndi kutsekera chipolopolo) pa chipolopolo chilichonse, ndipo akufuna kuitsuka ndi kuibwezeretsa mwakale. Luso limeneli n'lofala ku America, Canada, Australia, Britain ndi South Africa. Mayankho onse m'munsimu aima pa mfundo imodzi: girisi, dzimbiri ndi thabwa ndi ntchito yanu, koma chitsulo chimene chimatsekera mphamvu ya wonga ndi cha mmisiri wa mfuti wachiphaso. Mfuti zambiri zotere zinapulumuka kunkhondo zili bwinobwino, n'kudzaonongekera m'manja mwa mwini wake wokhala ndi tupa ndi sandipepa.

Kodi ndi mfuti ziti zimenezi, nanga zinkatchipiranji?

Mayiko anazipanga mamiliyoni pa nkhondo ziwiri za dziko lonse, ndipo atasintha n'kuyamba mfuti zodzikoka zokha, zakalezi anazimata girisi n'kuzitsekera m'mabokosi. Pambuyo pake anazigulitsa chipiku. M'zaka za m'ma 2000, Mosin-Nagant inkapezeka ku America pamtengo wosafika madola 100. Mitengo imeneyo inapita.

Zofala ndi izi. Mosin-Nagant ya ku Russia ya 1891, makamaka mtundu wa 91/30 wopangidwa ku Tula ndi Izhevsk, imadya zipolopolo za mtundu wa 7.62x54R. Mauser 98 ya ku Germany ndi abale ake, monga K98k ya 1935, vz. 24 ya ku Czechoslovakia ndi M48 ya ku Yugoslavia, amadya 7.92x57. M96 ya ku Sweden imadya 6.5x55, K31 ya ku Switzerland 7.5x55. Ndiye pali Lee-Enfield ya .303, yolowa zipolopolo 10, imene kwathu kuno si yachilendo: ndiyo inali paphewa la asilikali a King's African Rifles, aja dzina lawo likukumbukiridwa pachipilala cha ku Zomba. Ilipo No.1 Mk III ya 1907 ndi No.4 imene inayamba kugwira ntchito mu 1941. Ziwirizi zimafanana maonekedwe koma zipangizo zake zambiri sizilowana.

Lamulo likundilola kugwira ntchitoyi ndekha?

Yambani ndi funso limeneli musanagwire screwdriver. Ukalamba wa mfuti suchotsa lamulo. Ku Malawi ndi ku Zambia mfuti imafuna laisensi, ndipo mfuti ya malemu agogo imene mwaipeza kudenga siikhala yanu chifukwa cha chibale: kauzeni apolisi. Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la 2000 limati kusintha utali wa paipi yodutsamo chipolopolo kapena mtundu wa chipolopolo chimene mfuti imadya ndi ntchito ya mmisiri wachiphaso yekha. Ku Britain pamafunika chiphaso cha apolisi, ndipo mfuti imene yasinthidwa pazitsulo zosunga mphamvu imayenera kukayesedwanso ku nyumba zoyesera mfuti za ku London kapena Birmingham isanagulitsidwe. Ku America paipi ya mfuti yapaphewa yochepera mainchesi 16 imagwa pansi pa lamulo lina lokhwima la 1934. Nambala ya mfuti siifufutidwa kulikonse, ngakhale mwangozi popala dzimbiri.

Pogula ndiyang'ane chiyani?

Tsegulani bolt, onani ndi maso ndipo pisani chala kuti mutsimikize kuti mulibe chipolopolo. Kenako chotsani bolt n'kusuzumira m'paipi molozetsa kowala. Mizere yozungulira ya m'katimo ikhale ndi m'mphepete mwakuthwa. Paipi yakuda m'kati siitanthauza kuti yatha, nthawi zambiri ndi litsiro chabe, koma mukaona mthunzi wonga mphete pamalo amodzi, ndiye kuti paipi inatupa pamenepo chifukwa wina anawomba muli chotsekereza. Yendetsani zala kunja kwa paipi, chotupacho mudzachimva. Mfuti imeneyo isiyeni.

Fananizani nambala ya pa bolt ndi ya pa receiver, chitsulo chachikulu chija bolt imayendamo. Zikasiyana, mfutiyo ikhoza kukhalabe yabwino, koma headspace, mpata wa pakati pa bolt ndi pamene chipolopolo chimatsamira, iyenera kuyezedwa. K98k zambiri zimene a Soviet Union analanda zili choncho: anazimasula zonse, n'kuzimanganso mosakaniza, n'kulemba nambala yatsopano pa bolt ndi cholembera chamagetsi.

Dzimbiri loopsa limabisala pansi pa thabwa, pamene chinyezi chinakhala zaka osauma. Ngati wogulitsa akulola, chotsani thabwa lapamwamba pa paipi muone.

Zilipo zoti zisawombedwe ngakhale zikuoneka bwino?

Zilipo. Lee-Enfield yodindidwa zilembo DP inachotsedwa pa ntchito yowomba n'kusiyidwira perete basi, ndipo chifukwa chake sichioneka ndi maso nthawi zonse. Mfuti za ku America za Springfield M1903 za nambala yochepera 800,000, ndi za ku Rock Island zochepera 285,507, zina zinapsa mopitirira pozilimbitsa ndipo chitsulo chake chimasweka ngati galasi. Japan inapanga mfuti zophunzirira zofanana ndi Arisaka, mfuti yawo ya nkhondo, koma za chitsulo chofewa, zambiri zopanda mizere m'paipi, zowombera zipolopolo zopanda mutu zokha.

Palinso msampha wa kukula kwa chipolopolo. Gewehr 88 ya ku Germany inapangidwira mutu wa mainchesi 0.318, pamene 7.92x57 ya masiku ano ndi 0.323. Mfuti zina zinasinthidwa pambuyo pake: K98k za ku Israel ndi Mauser zina za ku Spain anazisandutsa za 7.62, ndipo si zonse zinalembedwa moonekera. Mukakayika, mmisiri amathira m'chamber (malo okhala chipolopolo kumbuyo kwa paipi) chitsulo chosungunuka msanga chotchedwa Cerrosafe, n'kutulutsa chithunzi chenicheni cha m'katimo kuti achiyeze.

Ndifunika zida zanji?

Choyamba ndi ma screwdriver a mfuti, aja nsonga yake ili yofanana makulidwe kuyambira pansi mpaka pamwamba. Screwdriver wamba nsonga yake ndi yosongoka ngati mphero, imatsetsereka n'kung'amba mutu wa screw, ndipo chipsera chimenecho sichichoka. Onjezani timapanchi ta mkuwa, hamala yaing'ono ya pulasitiki, ndodo yotsukira paipi yosalumikiza, maburashi a mkuwa, steel wool wa 0000, nsanza za thonje, palafini kapena mineral spirits, vayisi yokutidwa ndi chikopa, ndi micrometer yoyezera makulidwe molondola. Foni nayo ndi chida: jambulani chilichonse musanachimasule.

Screw ikakana, musalimbane nayo. Donthezani mafuta olowerera, isiyeni usiku wonse, m'mawa ikani screwdriver m'malo mwake n'kuigogoda pang'ono ndi hamala, ndipo yambani mwaimangitsa kadontho musanaimasule.

Pomasula pali cholakwika chimene anthu amachita kawirikawiri?

Pa Lee-Enfield No.1 Mk III chilipo chotchuka. Thabwa lakumbuyo limagwidwa ndi bawuti yaitali imene nsonga yake ili ya makona anayi, ndipo nsongayo imalowa m'kachitsulo kokhala kumbuyo kwa thabwa lakutsogolo. Mukapotokola bawutiyo thabwa lakutsogolo likadali pomwepo, limang'ambika pakati. Choncho lakutsogolo limayamba kuchoka, lakumbuyo pambuyo. Pomanga n'chimodzimodzi mobwerera, ndipo nsonga ija iime molunjika kuti ilowe m'malo mwake.

Thabwa lakutsogololo musalikoke kunsonga ngati mukutsegula chitseko. Ligogodeni pang'onopang'ono chakumbuyo, mbali zonse ziwiri, kuti litsike mowongoka. Mukalikoka kunsonga mumaphwanya timapewa ta m'kati totchedwa draws, timene timalandira kugunda kwa mfuti ikalira, ndipo mfuti imayamba kumwaza zipolopolo.

Pa Mosin, mukamanganso bolt yezani kutuluka kwa firing pin, kasingano ka m'bolt kogogoda chipolopolo. Iyenera kutuluka pakati pa mainchesi 0.075 ndi 0.095, ndipo kachitsulo ka asilikali kobwera ndi mfutiyi kali ndi mipata yolembedwa 75 ndi 95 ya ntchito yomweyi. Ikafupika mfuti siilira, ikatalika imaboola primer, kakapu koyatsa wonga kumbuyo kwa chipolopolo, ndipo mpweya wotentha umabwerera kumaso.

Girisi wouma uja ndimuchotse bwanji?

Dzina lake ndi cosmoline. Amasungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 50, choncho kutentha ndiye mankhwala ake. Zitsulo zing'onozing'ono ziviikeni m'palafini kapena mineral spirits kwa maola angapo, zitsukeni ndi mswachi wakale, zipukuteni. Bolt imasulidwe yonse, chifukwa girisi wotsala m'kati mozungulira sipiringi amachedwetsa firing pin kukazizira. Madzi otentha amathandizanso, bola muumitse chitsulo nthawi yomweyo n'kupaka mafuta. Petulo ayi: nthunzi yake imayaka ndi kamoto kakang'ono.

Thabwa ndiye lofuna mtima wautali. Likulungeni m'nyuzipepala kapena nsanza, liikeni m'pulasitiki wakuda, liyanikeni padzuwa. Pakatha ola limodzi kapena awiri mupeza latuluka thukuta lamafuta. Pukutani, sinthani mapepala, bwezerani. Zingatenge masiku angapo. Pa intaneti mupeza ena akulangiza mankhwala otsukira uvuni kapena kuviika thabwa m'madzi otentha. Zimenezo zimachotsadi girisi, koma mankhwalawo amadya ulusi wa mtengo n'kulisiya thabwa lotuwa, madzi amalipinda, ndipo zidindo za fakitale zimafufuma n'kuzimiririka.

Headspace n'chiyani, nanga imayezedwa bwanji?

Ndi mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi pamene chipolopolo chimatsamira m'chamber. Pa .303 ndi 7.62x54R chipolopolo chimatsamira pa mkombero wa kumbuyo kwake, pa Mauser chimatsamira paphewa la khoko lake, chija chosungamo wonga. Mpata ukakula, khoko limatamuka mfuti ikalira mpaka kuduka chakumbuyo, ndipo mpweya wamphamvu umatulukira kumene simukufuna. Mpata ukachepa, bolt imatseka movuta.

Poyeza pamafunika timiyezo tachitsulo totchedwa GO, NO-GO ndi FIELD. Tsukani chamber ndi nkhope ya bolt kuti pasakhale kanthu, ndipo pa Mauser chotsani firing pin ndi extractor, kachitsulo kokoka khoko, kuti dzanja limve bwino. Ikani kamuyezo, tsekani bolt ndi chala chimodzi, mosakakamiza. Iyenera kutseka pa GO. Ikatseka pa NO-GO ndiye kuti yayamba kutha. Ikatseka pa FIELD, musaiwombe. Mukakankha ndi mphamvu mumaononga kamuyezo ndipo yankho limakhala labodza, popeza bolt ili ndi mphamvu yofinya chitsulo.

Asilikali a ku Britain ankalola .303 kuyambira mainchesi 0.064 mpaka 0.074. Timiyezo tina ta m'sitolo n'tothina kuposa pamenepa, ndiye Enfield yabwinobwino ikhoza kuoneka ngati yalephera. Dziwani nambala yolembedwa pa kamuyezo kanu. Ubwino wa No.4 ndi wakuti mutu wa bolt umamasuka, ndipo ilipo ya nambala 0, 1, 2 ndi 3 motalikirana pang'onopang'ono. Koma musakhulupirire nambala yokha, yezani ndi micrometer, chifukwa 1 wina amatalika kuposa 2 wina. Mpata ukakhala waukulu ngakhale pa 3, vuto lili pa receiver kapena paipi, ndipo imeneyo ndi nkhani ya mmisiri.

Dzimbiri ndilichotse bwanji osaononga mtundu wakuda wa chitsulo?

Mtundu wakudawo, bluing, nawonso ndi dzimbiri lamtundu wina, n'chifukwa chake viniga ndi mankhwala ochotsa dzimbiri amachotsa zonse pamodzi n'kusiya chitsulo choyera. Dzimbiri lapamwamba lipakeni mafuta, lisiyeni tsiku, kenako lipukuteni mopepuka ndi steel wool wa 0000 wonyowa ndi mafuta. Muzipukuta ndi nsanza pafupipafupi, chifukwa fumbi la dzimbirilo limakanda. Timatuza touma tikandeni ndi kachidutswa ka mkuwa, kamene n'kofewa kuposa chitsulo.

Dzimbiri likafalikira, njira yabwino ndi kuwiritsa. Chotsani thabwa lonse, tsukani mafuta onse pachitsulo ndi acetone, ndipo chiwiritseni m'madzi a mvula kwa mphindi 30 mpaka 45. Dzimbiri lofiira limasanduka lakuda, lija lomwe amisiri akale ankapangira bluing. Chikauma mudzaona ngati mwaye pamwamba pake. Upukuteni ndi steel wool wopanda mafuta, bwerezani ngati pakadali zofiira, ndipo pomaliza viikani chitsulocho m'mafuta usiku wonse. Maenje amene dzimbiri linakumba sabwerera. Akakhala akuya pafupi ndi chamber, mmisiri aone kaye.

Thabwa ndilipale ndi sandipepa kuti liwale?

Ayi, ndipo apa ndi pamene mfuti zambiri zimatayira mtengo wake. Sandipepa amadya zidindo, amabulungitsa makona, ndipo thabwa limatsika kuposa chitsulo pamene pakumana ziwirizi, chizindikiro chimene wodziwa amachiona ali patali.

Pamene thabwa linangobonyoka ulusi wake osaduka, ikani kansalu konyowa n'kusindikiza nsonga ya simbi yotentha kwa masekondi ochepa. Nthunzi imafufumitsa ulusiwo. Bwerezani kanayi kapena kasanu, koma pafupi ndi chidindo musayandikire, chifukwa nacho chimafufuma.

Chopaka chitsatire chimene dziko lake linkapaka. Lee-Enfield inkamwetsedwa mafuta a linseed. Sakanizani theka mafuta theka turpentine pa ulendo woyamba, pakani ndi chikhatho mpaka mumve kutentha, dikirani mphindi 20, ndipo pukutani onse otsala pamwamba. Dikirani tsiku lathunthu musanabwereze. Mafuta osiyidwa pamwamba sauma, amangokhala nembenembe ngati ulimbo. Mosin zambiri zinapakidwa shellac wofiirira, amene amasungunuka ndi sipiriti. Ngati akusupuka, kaburashi konyowa ndi sipiriti wopanda mtundu kamamusungunula n'kumuyalanso, popanda kumuchotsa. Vanishi wonyezimira wa mipando sayenera pa iliyonse mwa mfutizi.

Chenjezo limene sitilisiya: nsanza za linseed zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi kapena zimizeni m'chitini cha madzi.

Nanga mng'alu?

Guluu sagwira pa mtengo wamafuta, ndiye ntchito yaikulu ndi kutsuka. Tsegulani mng'aluwo pang'ono ndi kamtengo kosongola, thiranimo acetone kangapo mpaka atuluke woyera, ndipo dikirani uume. Gwiritsani epoxy wouma pang'onopang'ono, osati wa mphindi zisanu, kuti apeze nthawi yolowerera. Mukatenthetsa thabwa pang'ono amalowa bwino. Pakani phula m'mbali mwa mng'alu kunja kuti wotuluka asamatirire, kenako mangani ndi malegeni a chubu cha njinga, amene amafinya mozungulira popanda kusiya chipsera. Siyani maola 24. Mng'alu wa pakhosi pa thabwa, pamene dzanja limagwira, umafunanso kachitsulo ka mkuwa kodutsa m'kati. Funsaninso chimene chinaung'amba: kawirikawiri ndi screw yomasuka, kapena mchira wa receiver umene ukugunda mtengo ngati mphero mfuti ikalira. Kumbuyo kwa mchirawo kuzikhala kampata kolowa pepala.

Akuti zipolopolo zakale zimadyetsa paipi. N'zoona?

N'zoona. Primer ya zipolopolo zambiri zakale za asilikali ili ndi potassium chlorate, imene ikapsa imasiya mchere m'paipi. Mcherewo umakoka chinyezi, ndipo nyengo ya dzinja dzimbiri limaoneka m'mawa mwake. Mafuta sasungunula mchere, amangouphimba. Chimene chimauchotsa ndi madzi. Asilikali a ku Britain anali ndi fanulo yopindika yothirira madzi owira m'paipi ya Enfield, ndipo njira yake sinasinthe: chotsani bolt, lozetsani mfuti pansi, thirani lita imodzi ya madzi owira kuchokera kuchamber, osanyowetsa thabwa. Chitsulo chimatentha n'kudziumitsa chokha. Pitirizani ndi burashi ndi tinsanza, pakani mafuta, pukutaninso nkhope ya bolt ndi nsanza yonyowa, ndipo suzumiraninso pakatha masiku awiri. Chitani zimenezi tsiku lomwelo.

Zipolopolo za 7.62x54R zobwera m'zitini zolowa 440 zitengeni kuti zonse n'zamchere, chimodzimodzi 7.92x57 ndi .303 zakale. Zipolopolo za GP11 za ku Switzerland zilibe vutoli, n'chifukwa chake K31 zambiri paipi yake imawala ngakhale thako lake lili lokumbikakumbika.

Tsukani kuchokera kumbuyo nthawi zonse. Ndodo yolowera kukamwa kwa paipi imadya mizere pamalo pamene chipolopolo chimatsanzikira mfuti.

Bolt ya Mosin ikulimba ndikawomba kangapo. Chavuta n'chiyani?

Nthawi zambiri ndi cosmoline wouma amene anatsalira m'chamber ngati vanishi wosaoneka. Mfuti ikatentha amafewa n'kumata khoko, makamaka makoko achitsulo opakidwa lacquer. Mangani burashi ya mkuwa ya shotgun ya 20 gauge pa kandodo, inyowetseni ndi mineral spirits, izungulitseni m'chamber pang'onopang'ono, pukutani, bwerezani mpaka nsanza ituluke yoyera. Musalowetse sandipepa, mungakulitse chamber. Vuto likapitirira, yang'anani khoko lowombedwa. Mzere wokandika pamalo amodzimodzi khoko lililonse ukusonyeza kachitsulo kotukuka m'chamber, ndipo mmisiri amakasalaza mosavuta.

Mfuti ikumwaza zipolopolo. Ndiyambire pati?

Yambirani pa zotchipa. Ma screw awiri ogwira receiver ku thabwa amamasuka mtengo ukauma, ndipo kungowamanga mofanana kumachiza mfuti zambiri. Pa Enfield ndi screw yaikulu ya kutsogolo kwa magazini.

Kenako onani kukamwa kwa paipi ndi galasi lokulitsa. Pakakhala chipsera, mpweya umatuluka mbali imodzi n'kukankha chipolopolo. Mosin zambiri mudzapeza kuti kukamwa kwake anakuboola mokulirapo masentimita angapo kulowa m'kati. Chimenecho si chilema, ndi mmene amisiri a asilikali ankachotsera mizere yotha kuti chipolopolo chitsanzikire pa mizere yabwino.

Chachitatu ndi kukula kwa paipi. Tengani kamtovu kofewa kokulirapo pang'ono, monga kaja asodzi amamangira pa chingwe, pakani mafuta m'paipi, kagogodereni ndi hamala ya pulasitiki, kakankheni ndi ndodo ya mkuwa mpaka katuluke, n'kukayeza ndi micrometer. Mosin za ku Russia zimakonda kukhala 0.311 mpaka 0.314, ndiye mutu wa 0.308 umangogwedera. Enfield ya mizere isanu siyezeka bwino ndi micrometer wamba popeza mizereyo siyang'anizana. Enfield imene khosi la paipi linapsa ndi wonga wa cordite imakonda mitu yosalala kumbuyo, ndipo mitu yosongoka kumbuyo imafika pachandamale chammbali.

Ngati zikugwa pamodzi koma pamwamba, mfuti ilibe vuto. Pa M96 muyezo wotsikitsitsa wa choyang'anira chakumbuyo ndi mamita 300, ndipo 91/30 ankailinganiza mpeni wake uli kutsogolo. Mankhwala ndi kutalikitsa kachitsulo koyang'anira kakutsogolo. Chulukitsani kuphonyako ndi mtunda wa pakati pa zoyang'anira ziwiri, n'kugawa ndi mtunda wa chandamale, zonse m'mamilimita. Mfuti yokwera mamilimita 200 pa mamita 100, zoyang'anira zitatalikirana mamilimita 620, ifuna kuwonjezera mamilimita 1.2. Kachikopa ka waya wamagetsi kovekedwa pa kachitsuloko n'kudulidwa pa muyezo kamagwira ntchitoyi popanda kusintha mfuti mpaka kalekale. Zikamagwa kumanzere, kachitsulo kakutsogolo kasunthireni kumanzere komweko.

Kodi ndichotse mtengo pansi pa paipi kuti isakhudze thabwa?

Zimadalira mfuti. Pa Mauser ndi Mosin yesani kaye ndi timapepala tolimba kapena tizitsulo topyapyala pansi pa receiver, kutsogolo ndi kumchira, monga ankachitira amisiri a ku Finland. Mukaona kusintha, mwadziwa pamene pali vuto musanadule kanthu. Pa Lee-Enfield musayerekeze. No.1 ili ndi paipi yopyapyala imene inapangidwa kuti izigwiridwa ndi thabwa m'malo osankhidwa, ndipo No.4 imafuna kuti nsonga ya thabwa izikankha paipi m'mwamba pang'ono. Mukapala pamenepo mwaichotsera chimene chimaiwongola.

Kuyala epoxy pansi pa receiver kusiyireni mfuti imene inadulidwa kale. Mukatero, pakani polishi wa nsapato wopanda mtundu pachitsulo chonse ndi pa ma screw, kawiri, ndipo tsekani mabowo ndi mipata yonse ndi dongo la ana loumbira. Epoxy akalowa m'kampata n'kuuma amakhoma chitsulo m'thabwa, ndipo pochotsa mumaswa thabwalo.

Trigger ndi yolimba. Ndingaipale?

Ndi tupa ayi. Zitsulo zimene zimakolana pamenepo n'zolimba pakhungu pokha, ndipo mukapala khungulo mumafika pofewa pamene pamatha msanga. Mukasintha kona yake, mfuti ikhoza kulira yokha potseka bolt kapena ikagwa. Tsukani girisi wakale, pakani kadontho ka mafuta, ndipo nthawi zambiri mupeza yafewa. Dziwaninso kuti trigger ya mfuti zambiri za asilikali imayenda pawiri, koyamba mopepuka kenako n'kulimba. Anaipanga dala choncho. Pa Enfield No.1 ndi No.4 Mk 1, trigger imapachikika pa chitsulo chotchinga chala, ndiye thabwa likafota kakokedwe kamasintha. No.4 Mk 2 anaipachika pa receiver kuti athetse zimenezi. Ofuna yofewa kwenikweni agule yopangidwa kale, monga za Timney, asunge yakaleyo. Mukagwira chilichonse pamenepa, yesani mfuti ilibe chipolopolo: kokani bolt, itsekeni mwamphamvu kangapo, gunditsani thako pamphasa, tsekani ndi kutsegula safety, chotsekera choletsa mfuti kulira. Firing pin ikagwa yokha ngakhale kamodzi, mfutiyo isapite kowombera.

Ndikufuna kuikapo scope, galasi loonera patali, ndi kudula thabwa kuti ikhale yosakira nyama.

Yambani mwafufuza chimene muli nacho. Mfuti ya nambala zofanana, Mosin ya M39 ya ku Finland, kapena Mauser ya 7x57 ya nthawi ya nkhondo ya Mabunu ya 1899 mpaka 1902, ikadulidwa mtengo wake umagwa ndipo siibwereranso. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anthu anadula zambirimbiri, ndipo zodulidwa kalezo zikadali pamsika motchipa. Gulani imeneyo ngati mukufuna yoyeserapo luso.

Kuwerengera ndalama nakonso kumaletsa. Chogwirira bolt chowongoka cha Mosin chimagunda scope, safety ya Mauser nayonso, ndipo receiver imafuna kuboola. Kupinda kapena kuwotcherera chogwirira kumafuna kuti kutentha kusafike pa mano otsekera bolt, ndipo bowo lolakwika pa receiver limafooketsa pamene pamasunga mphamvu yonse. Zonsezi n'za mmisiri, ndipo mukaphatikiza malipiro ake mwina mwapitirira mtengo wa mfuti yatsopano yosakira. Njira yosaononga ndi chomangira chimene chimalowa m'malo mwa choyang'anira chakumbuyo popanda kuboola, pamodzi ndi scope yoikidwa motalikirana ndi diso. Tsiku limene mwatopa nayo mumangobwezera chakale.

Ndamaliza. Kuwomba koyamba ndichite bwanji?

Mmisiri aione kaye ngati simunayeze headspace nokha. Pitani pamalo ovomerezeka owombera, valani magalasi ndi zotseka m'makutu, ndipo suzumirani m'paipi kuti mulibe nsanza kapena girisi. Chamber ikhale youma, chifukwa mafuta amalepheretsa khoko kugwira makoma ndipo mphamvu yonse imapita pa bolt. Chipolopolo choyamba ambiri amamangirira mfuti pa tayala lakale n'kukoka trigger ndi chingwe ataima kuseri kwa chotchinga.

Chipolopolo chakale chikapanda kulira, musatsegule bolt. Khalani mutalozetsa kuchandamale kwa mphindi yathunthu, chifukwa china chimachedwa kuyaka. Chikalira mofooka, imani, chotsani bolt, onani ngati mutu sunatsakamire m'paipi.

Kenako werengani khoko. Primer yotuluka kunja, yobooka kapena yophwatalala kwambiri, mwaye wozungulira primer, mng'alu, kapena mphete yowala pafupi ndi kumbuyo kwa khoko, zonsezi zikuti imani. Wongolani kawaya ka mapepala, pindani nsonga yake, ndipo kandani m'kati mwa khoko chakumunsi. Mukamva kakhwawa, khoko latamuka ndipo latsala pang'ono kuduka. Kutupa pang'ono kwa khoko la .303 n'kozolowereka, chifukwa chamber ya Enfield anaipanga yotakasuka kuti izilandira chipolopolo chamatope. Sungani makoko atatu oyambawo m'kathumba, mulembepo tsiku ndi mtundu wa zipolopolo, kuti mudzafananize ndi a m'tsogolo kapena kumuonetsa mmisiri.